Galu Amene Anawasiyira a Dailesi

A Dailesi Makwinja anafika ku Joni mu 2011 ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Kwawo ndi ku Thekerani m'boma la Thyolo. Kumeneko ankadalira nthochi, ndiye matenda a chisaka atagwira minda yonse ya m'mapirimo, amuna awo anapita ku Limbe kukasaka ntchito n'kukwatira komweko. A Dailesi anadikira zaka ziwiri. Kenako anagulitsa makina awo osokera, n'kusiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Fatsani, m'manja mwa agogo ake. Fatsani anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atangochoka kumene.

Ine ndinawadziwira ku mpingo wathu wa Amalawi, umene umakumana mu holo ya lendi ku Pretoria West, kuseri kwa garaja yowotcherera zitsulo. Anali mayi wamfupi, wosakonda zokambakamba, koma mu kwaya ya amayi mawu awo ndi amene ankatigwirizira tonse. Zaka zitatu zoyamba anavutika ngati wina aliyense: lero kukolopa mu wekishopu, mawa kukachapa ku Laudium, mkuja kungokhala. Mu 2014 mwayi unawagwera. Anapeza ntchito ya tsiku ndi tsiku ku Arcadia, mu fulati ya pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri, kwa Madamu Khanyisile. Madamuwa ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma. Analibe mwamuna, analibe mwana. Anali ndi galu.

Kanali kagalu koyera, ka ubweya wopotana, kukula kwake ngati mphaka wodya bwino. Dzina lake Bisiketi. Tsiku loyamba Madamu sanayambe ndi kuwaonetsa pokhala tsache kapena ayironi. Anawatengera pa firiji pamene panamatidwa pepala la malamulo: nthawi yodyera, nthawi yokayenda kawiri pa tsiku, osam'patsa fupa, osam'patsa zotsala pa mbale, osam'kalipira. Galuyo anali ndi bedi lake, thaulo lake, mswachi wake, juzi ya mu Juni, ndiponso inshuwalansi ya kuchipatala. Lamulungu lotsatira a Dailesi anatifotokozera zimenezi titakhala panja pa holo, ndipo tinaseka mpaka misozi. Ankati kwawo galu amadya zimene mwana wataya, akadwala amapita yekha kukadya udzu.

Poyamba ankam'samala monga mmene ankasamalira makapu agalasi a Madamu, mwamantha basi. Ankam'manga chingwe n'kutsika naye pa lifiti, n'kumazungulira naye m'misewu ya mitengo ya jakaranda, kutsogolo kwa mageti a maembase, kapepala ka pulasitiki kali m'manja kotolera chimbudzi chake. Alonda achimalawi a m'mageti amenewo ankawafunsa ngati kumudzi akudziwa kuti ntchito yawo ndi imeneyo. Iwo ankangodutsa.

Madamu sanali oipitsitsa tikayerekeza ndi ena amene tagwirako. Ankalipira pa tsiku lake, ankapereka zovala zimene zawatopetsa. Kungoti mu mtima mwawo munali malo a chinthu chimodzi. Mu 2019 amayi a a Dailesi anamwalira ku Thekerani. A Dailesi anapempha masabata atatu. Madamu anawapepesa ndithu, koma funso lachiwiri linali lakuti nanga Bisiketi akhala ndi ndani. Anagwirizana masiku khumi. Pa masiku khumiwo, asanu anathera mu basi ndi m'mizere ya m'malire, pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza. Anafika maliro ataikidwa kale. Fatsani, amene anali atafika zaka khumi ndi zinayi, anawapatsa moni wogwada ngati akulonjera mlendo. Anam'siya kwa azakhali ake n'kukweranso basi.

Atalowa mu fulati m'mawa wa tsiku lakhumi ndi chimodzi, mapazi atatupa, Madamu anawalandira ndi nkhani yakuti galu wakana kudya sabata yonse, wapita naye kawiri kwa dokotala wa ziweto, ndipo wavutika kwambiri. Ali mkati moyankhula, Bisiketi anatulukira kuchipinda. Anathamanga mpaka kuterereka pa matailosi, n'kuwadumphira m'miyendo akulira ngati khanda, mpaka anakodza pansi. A Dailesi anakhala pansi pomwepo, pa khomo, chikwama chili pa phewa, n'kulira maliro a amayi awo amene kumudzi sanathe kulira. Galuyo ankawanyambita m'manja. Madamu anajambula zimenezi pa foni.

Kuyambira tsiku limenelo zinasintha. Anayamba kum'yankhula Chichewa ndi Chilomwe. Ankam'uza za Fatsani akusita, iye atagona pa phazi lawo. Anasiya kutiseketsa ndi nkhani zake. Wina akayambitsa, ankangoti, nayenso ndi cholengedwa.

Mu Ogasiti 2023 Madamu anapeza ntchito kutsidya kwa nyanja. Bisiketi anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtima wake utayamba kufooka, akumwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo. Dokotala ananena kuti ulendo wa pa ndege sangaupirire. Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, makatoni ali mbwee m'nyumba, Madamu anawaitana a Dailesi kuti akhale pa sofa. Pa zaka zisanu ndi zinayi zonse anali asanakhalepo pa sofa imeneyo. Madamu anawagwira manja onse awiri, maso ali ofiira.

"You are family, Dailesi," anatero. "Ndikukupatsa chinthu chimene ndimachikonda kuposa china chilichonse pa dziko lapansi."

A Dailesi ankaganiza kuti mwina ndi firiji. Atamvetsa, anafuna kunena kuti amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, kuti ntchito ikutha, kuti sakudziwa kuti mwezi wamawa adya chiyani. Koma Madamu anali akulira, ndipo munthu wakulera zaka zisanu ndi zinayi akamakupatsa mphatso akulira, pakamwa pamalemera. Anati zikomo. Analandira galu, bedi lake, juzi, matumba awiri a chakudya, mapiritsi a miyezi itatu, ndi foni yakale ya Madamu ya kamera yabwino, kuti azitumiza zithunzi Lamulungu lililonse. Madamu analonjeza kuti azitumiza ya chakudya ndi mankhwala mwezi ndi mwezi. Analembanso pa gulupu ya WhatsApp ya anthu a m'mafulati a ku Arcadia kuti aliyense wofuna wantchito wokhulupirika atenge Dailesi. Pomaliza anawajambula atanyamula Bisiketi pa khomo, akumwetulira.

Chipinda cha a Dailesi chinali ku Pretoria West, pa yadi ya Abambo Langton. Abambowa anabadwira ku Atteridgeville. Bambo awo anachokera ku Nkhata Bay nthawi ya migodi, koma iwo ku Malawi anali asanapondeko, ndipo Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chipedi. Kuseri kwa nyumba yawo anamanga zipinda khumi ndi zinayi za malata, mpope umodzi, zimbudzi ziwiri. Ataona a Dailesi akutsika mu galimoto ndi galu pa mkono, anaima pa geti n'kunena kuti pano si pa Waterkloof, kumayadi a olemera. A Dailesi anagwada pa simenti. Abambo Langton anawasiya chigwadire kwa kanthawi, anthu a pa yadi akuonerera, kenako anavomera. Lendi anakweza, ndipo lamulo linali lakuti galuyo asadzamuone ndi maso, asadzamumve ndi khutu.

Ndiye Bisiketi, amene anakulira pa kapeti, anayamba kukhala m'chipinda cha mapazi anayi uku, atatu uku, zenera limodzi. A Dailesi anapeza maganyu a masiku anayi pa sabata kudzera pa gulupu ija. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita kwa Madamu Lena, mayi wachikulire wokhala yekha ndi mphaka. Masiku enawo ankapita m'mafulati ena awiri. M'mawa uliwonse ankam'lowetsa galuyo m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, kudutsa naye pa zenera la Abambo Langton ngati akukataya zinyalala, n'kukam'tsitsa kuseri kwa mipanda ya mawekishopu kuti adzithandize. Akabwera naye ankam'yalira nyuzipepala, kum'thirira madzi, kukhoma chitseko, n'kuthamangira tekisi, minibasi za kuno. Ankabwerako dzuwa likulowa.

Miyezi iwiri yoyamba Madamu anatumizadi. Wachitatu anachedwa, n'kutumiza theka. Kenako analemba kuti moyo kunjako ndi wodula kuposa mmene ankaganizira, a Dailesi apirire pang'ono. Sabata yomweyo a Dailesi anaona pa sitetasi ya Madamu ya pa WhatsApp kagalu kena, kofiirira, katavala jekete pa chipale chofewa. Koma zithunzi za Lamulungu sizinasiye kufunidwa. Chithunzi chikangopita, mafunso ankabwera: bwanji m'maso mwake muli mantongo, bwanji ubweya wapiringizana, kodi icho chili pafupi nayecho si chitofu cha palafini. Panalibe tsiku limene anafunsa kuti iwe Dailesi wadzuka bwanji.

Chakudya chitatha anapita ku shopu ya dokotala wa ziweto ku Arcadia, kumene kale ankapita atatumidwa ndi khadi la Madamu. Tsiku limenelo ndi pamene anayang'ana mtengo koyamba. Thumba limodzi linkafanana ndi zimene ankatumizira Fatsani pa mwezi. Mapiritsi anawauza kuti sangapereke galuyo asanapimidwenso, ndipo inshuwalansi ija Madamu anaitseka tsiku limene ananyamuka. A Dailesi anaima nthawi yaitali pa kauntala. Anapimitsa, anagula zonse, n'kubwerera wapansi mpaka ku Pretoria West galu ali kumsana m'chitenje.

Madzulo ake anaimbira Fatsani, amene tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndipo ankabwereza Folomu 4, kumuuza kuti mwezi uno zavuta. Akanatha kunama. Koma a Dailesi bodza sankalidziwa, ndipo mwanayo atafunsa chifukwa, anamuuza. 

"Munandisiya ndili wamng'ono kuti muzikalera galu?" anafunsa Fatsani. "Ndiye amene adzakuikeni m'manda ameneyo."

Anadula. Kwa miyezi itatu sanayankhenso foni ya amayi ake.

Kuchokera pamenepo thumba lija litatha sanagulenso lina. Ankapita ku Marabastad Loweruka kukagula mapazi a nkhuku ndi ufa, n'kumaphika m'poto mmodzi, theka iwo, theka galu. Mapiritsi ankawadula pakati kuti akhalitse. Bisiketi anayamba kudzikanda mpaka kutuluka zilonda, m'mimba mumatseguka, ndipo chifuwa chinam'gwira, chouma, chomveka ngati munthu wokalamba.

Ife a ku mpingo tinali ndi nzeru zambiri. Ena ankati akam'taye pa msewu wa kumayadi a olemera, azungu atola. Ena ankati mankhwala a makoswe alipo otchipa pa renki ya matekisi. Tinawapatsa dzina lakuti Amake Bisiketi, ndipo pa msonkhano wa amayi wina ankati akafuna kuseketsa anzake amafunsa ngati mwana wayamba kukwawa. Inenso ndinkawaitana dzina limenelo. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundipempha kuti Lachitatu, tsiku limene ine sindinkapita kuntchito, ndizikam'tsegulira chitseko masana kuti apitidweko mphepo. Kwathu ndi kwawo kunali kuyenda mphindi khumi. Ndinawauza kuti ine agalu amandiyambitsa chimfine. Linali bodza. Ndinkangoopa kusekedwa nawo limodzi.

Ndinawafunsapo kuti bwanji osakam'pereka ku bungwe losamala ziweto. Anati anawafunsa kale Madamu, ndipo Madamu anayankha kuti galu wokalamba chotero kumeneko amangom'baya jekeseni, ndipo kuti iwo anam'khulupirira Dailesi ngati m'bale. Komanso pemiti ya a Dailesi yokhalira m'dzikomo inali itatha kalekale. Malo alionse okhala ndi kauntala ndi fomu yolemba ankawaopa.

Disembala wa chaka chimenecho kunatentha koopsa. Malata a pa yadi ya Abambo Langton ankachita kulira masana. Bisiketi ankatsokomola ndi kukanda chitseko kuyambira cha m'ma teni. Abambo Langton anali atapeza kale anyamata awiri a ku wekishopu ofuna chipinda chimenecho pa lendi yokwererapo. Sanawauze kanthu a Dailesi. Lachisanu lina anangoimbira foni bungwe lija n'kunena kuti pa yadi pawo pali mayi wina wochokera kunja amene akuzunza galu.

Kunabwera galimoto yoyera ya makola a waya kumbuyo. Munatsika mtsikana wa yunifolomu dzina lake Lerato. Abambo Langton anatsegula chipindacho ndi kiyi wawo wapadera. Mkati munali ngati mu uvuni. Galu anali atagona cham'mbali lilime lili panja, mbale ya madzi itagubuduka, nyuzipepala zitaipitsidwa. Lerato anajambula zonse. Mayi wina woyandikana nawo anaimbira a Dailesi, amene anasiya zovala za Madamu Lena pa thebulo lositira n'kukwera tekisi ziwiri. Anafika galu ali kale m'khola, atam'kulunga thaulo lonyowa, anthu a pa yadi ataunjikana.

Lerato sanakalipe. Ankayankhula mwaulemu, mwapang'onopang'ono, ngati nesi. A Dailesi anayesa kufotokoza m'Chingelezi chawo chothyokathyoka. Analowa m'chipinda n'kutulutsa timapaketi ta mapiritsi topanda kanthu timene ankasunga m'chitini, juzi yochapidwa bwino, mswachi. Anam'lozera bedi la galu la khushoni yofewa pambali pa kamatiresi kawo kopyapyala. Lerato anayang'ana zonsezo n'kugwedeza mutu.

"Mama, chiweto si cha aliyense," anatero. "Chimafuna malo, chimafuna nthawi, chimafuna ndalama. Ngati zimenezi mulibe, simumayenera kutenga galu."

"Sindinatenge," anayankha a Dailesi. "Anandipatsa."

"Mukanakana."

Kenako Lerato anawauza kuti pali njira ziwiri: kusaina kuti am'pereka galuyo mwa kufuna kwawo, kapena nkhaniyo ipite kupolisi. Anawapemphanso chiphaso chawo. Abambo Langton, ataima pa khomo la nyumba yawo, ananena mokweza kuti eish, za mapepala a anthu amenewa iwo sadziwa. A Dailesi anatenga cholembera n'kusaina. Anapempha kuti juzi ipite nawo chifukwa kukazizira amatsokomola kwambiri. Lerato anati ayi, mwina ili ndi utitiri. Galimoto itayamba kuyenda Bisiketi anadzuka, n'kumakanda waya akulira, maso ali pa a Dailesi, mpaka anakhota pa ngodya.

Lolemba zithunzi zinali pa intaneti. A bungwelo analemba kuti apulumutsa galu wokalamba amene anatsekeredwa m'chipinda cha malata chotentha, wopanda madzi, ndipo akupempha thandizo la mankhwala ake. Dzina la a Dailesi sanalitchule. Koma pansi pa khungu la galuyo panali kachipangizo kamene anam'ika ali wamng'ono, kokhala ndi nambala ya mwini wake, ndiye anawaimbira Madamu Khanyisile kunja kuja.

Madamu sanawaimbire a Dailesi. Anapita pa gulupu ya anthu a m'mafulati ija. Anaika chithunzi cha galu ali gone lilime panja, pambali pake chithunzi chija cha pa khomo, a Dailesi atam'nyamula akumwetulira. Anatumizanso uthenga wa mawu wa mphindi zisanu, akulira. Anati mayi ameneyu anam'tenga ngati m'bale, anam'siyira mwana wake, ankam'tumizira ndalama mwezi uliwonse koma iye ankadya. Anati aliyense amene ali ndi chiweto kapena mwana m'nyumba aganize kawiri. Wina anachotsa zithunzizo pa gulupu n'kuziika poyera, ndipo pofika madzulo anthu osawadziwa n'komwe anali akulemba kuti mayiyo atsekeredwe m'chipinda chomwecho, ena kuti akwezedwe basi abwerere kwawo. Mafulati awiri aja anawaletsa pa meseji tsiku lomwelo. Madamu Lena analemba mawa lake, mawu ochepa: asabwerenso, kiyi asiye kwa mlonda.

Mlonda wa pa fulati ya Madamu Lena anali Harry, wa ku mpingo kwathu konko. Patapita sabata Madamu Lena anam'funsa ngati akudziwa mayi wina wachimalawi, popeza Amalawi ntchito amaitha. Harry anandiimbira ine. Ndinkadziwa kuti ndi ntchito ya ndani. Ndinali ndi masiku awiri opanda ganyu ndi ana atatu ku Balaka, ndipo ndinadziuza kuti ndikakana ine atenga wina. Lachiwiri ndinapita. Madamu Lena anandionetsa chithunzi pa foni n'kundifunsa ngati mayi ameneyu ndikumudziwa. Ndinayang'ana nkhope ya munthu amene ndinaima naye mu kwaya zaka khumi ndi ziwiri, n'kunena kuti Amalawi ku Pretoria ndife ambiri. Epuloni imene anandipatsa inali yomwe ankavala a Dailesi. M'thumba mwake munali kabisiketi ka agalu kooneka ngati fupa. Ndinakataya mu bini.

A Dailesi sanadandaule kwa aliyense za ntchito. Chimene ankafuna ndi kukamuona galu. Malo a bungwelo anali kunja kwa tauni, tekisi ziwiri kenako wapansi. Ulendo woyamba anawauza pa geti kuti munthu amene walandidwa chiweto saloledwa kulowa. Wachiwiri anakhala pa mwala kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa mpaka masana, akumvetsera ngati mwa agalu onse ouwawo angamve chifuwa chija. Ulendo wachitatu mayi wa pa kauntala anawamvera chisoni kapena anatopa nawo, n'kutsegula kompyuta. Anawauza kuti Bisiketi anam'baya jekeseni patangopita masiku anayi chifikire. Mtima unali utawonongeka kwambiri, ndipo ankakana kudya chilichonse, ngakhale cha m'chitini chodula. Ndiye kuti tsiku limene iwo anakhala pa mwala paja galuyo anali atafa kale. Chithunzi chake chinali chikadali pa intaneti, anthu akuperekabe.

A Dailesi anafunsa ngati angatenge mtembo kuti akaukwirire. Mayiyo anayang'ananso pa kompyuta n'kunena kuti mwini wake analipira kuti awotchedwe payekha, ndipo phulusa analiika m'kabokosi ka thabwa kolembedwa dzina, n'kulitumiza kunja pa ndege. A Dailesi anathokoza n'kutuluka.

Kumapeto kwa Januwale Abambo Langton anawatulutsira katundu panja, bedi la galu pamwamba. Anasiya kubwera ku mpingo. Abusa anatchulapo kamodzi kuti tiwapempherere mlongo wathu amene wagwa m'mayesero, ndipo tinavomera kuti ameni. Tinamva kuti Fatsani anasiya sukulu n'kukwatiwa ndi mnyamata wa kabaza ku Luchenza, ndipo amayi ake anamva nkhaniyo kwa anthu. Tinamvanso kuti apeza pogwira ku Marabastad, pa shopu ya mabulangete ya Amayi Nafisa, kumasula mabelo ndi kupinda, ndipo amagona m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa shopuyo.

Ndinakhala chaka ndi miyezi osawaona. Mu Meyi chaka chino, kuzizira kutayamba, ndinapita ku Marabastad kukagula bulangete lotumiza kumudzi. Mashopu a mabulangete alipo ambiri, koma miyendo inanditengera kwa Amayi Nafisa. Nditafunsa, anandilozera kuseri, n'kunena kuti mphaka wawo wogwira makoswe waswera m'belo la katundu watsopano, ndiye amutuma Dailesi kuti aone chochita ndi tianato, mwina apeze anthu otifuna.

Ndinawapeza pa kampata ka pakati pa shopu ndi mpanda, pafupi ndi mpope. Tsitsi linali litayera m'mbali monse. Pansi panali katoni, m'katonimo tiana ta mphaka tisanu tosatsegula maso, tikukwawirana. Ndowa yaikulu ya penti inali ikudzaza madzi. Anandiona, anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za ana ku Balaka mmodzimmodzi ndi mayina awo. Ine ndinayamba kuyankhula zimene ndinakonzekera m'tekisi, za ntchito ija, za mmene zinthu zinalili. Anandidula.

"Musavutike, achemwali. Ntchito ilibe mwini."

Anatseka mpope. Ndinawafunsa ngati Amayi Nafisa sananene kuti apeze anthu otifuna tianato.

"Anthu ake ati?" anafunsa.

Anatola kamodzikamodzi n'kumaika m'madzi, mosafulumira, monga munthu akuviika zovala. Anavundikira ndowayo n'kukhala pa chivundikirocho. Make wa tianato, mphaka wakuda wowonda, anatulukira pansi pa mapaleti n'kumazungulira ndowayo akulira, akudzikhuza m'miyendo yawo. Sanam'thamangitse ndipo sanam'yang'ane. Mkati munkamveka kukanda pang'ono pa pulasitiki. Iwo anandifunsa ngati ayironi ya Madamu Lena ikugwirabe shoko, n'kundilangiza kuti ndizivala masilipasi a labala ndikamasita, ndiponso kuti makatani a kuchipinda chogona sachapidwa ndi madzi otentha, amafupika. Ndinkangovomera. Anapitiriza kuyankhula mpaka kukanda kuja kunasiya, n'kudikiranso pang'ono.

Kenako anadzuka, anakhuthula madzi mu ngalande, anakulunga tianato mu nyuzipepala n'kukaika mu bini ya kumsewu. Anatsuka ndowa, anasamba m'manja ndi sopo, anapukuta pa chitenje.

"Tiyeni mkati," anatero. "Mukufuna bulangete lopyapyala kapena la pawiri? Ku Balaka sikuzizira kwenikweni, tengani lopyapyala."

Ndinatenga lopyapyala. Anandipindira bwino, analiika m'chikwama chake cha zipi, ndipo kasitomala wina ataitana anatembenukira kwa iye.